Tsiku limene ndinasanduka chigure ku Sunningdale

Mpaka lero ku Sunningdale kuli msewu umene sindidutsa masana. Ndimazungulira cha kumsika, ngakhale mawondo akukana. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake, poti kunyumba kwanga wondimvera kulibe. Kuli wailesi yokha, nayonso imangolankhula zake.

Ndimakhala ndekha ku Tafara, kuno kudziko la Ashona, kutali ndi kwathu, chimwalirireni mayi a kunyumba. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Esinati, anakwatiwa ndi Mshona ndipo amakhala ku Sunningdale, pafupi ndi apongozi ake. Ali ndi kamtsikana, Tadiwa. Ndikapita kukamuona mdzukulu wangayo, amandipatsa moni ngati wa munthu wodzawerenga mita ya madzi, kenako n'kuthamangira pamiyendo pa a Moyo, asewele anga, bambo ake a mkamwiniyo. Iwo ndiye sekuru, agogo m'Chishona, weniweni. Ine amangonditchula kuti aja a ku Tafara. Zimandipweteka, sindibisa.

Tsono Tadiwa anapenga ndi timabuku tazithunzi ta ngwazi ziwiri. Mayina awo ndi achingerezi opinda lilime, ine ndimangoti Mphezi ndi Kamdima. Mphezi ndi munthu waulemu, amapulumutsa ana pamoto, ngakhale galu samugenda. Kamdima nayenso amagwira akuba, koma amaswa mawindo, amatukwana, moni sapereka. Awiriwa akakumana ndi ndewu basi, aliyense akufuna kuti mzinda uzitama iye.

Tsiku lina Esinati anaimba foni.

“Ababa, Loweruka kuli phwando la tsiku lobadwa la Tadiwa. Apongozi anga agula zovala za Kamdima m'tauni, adzasangalatsa ana. Inu mudzangobwera kudzadya keke.”

Kudzangodya keke! Ine? (Ndili ndi matenda a shuga, keke sindidya n'komwe, ndipo mwana wanga akudziwa.) Ndinati mumtima, chabwino, ngati a Moyo ndi Kamdima, Mphezi ndine. Tione amene mwana adzam'thamangire.

Kugula sindinagule. Munthu amene anakalambira kufakitale ya ku Willowvale akusoka mipando ya magalimoto sangavale pulasitiki ya m'sitolo. Ndinasolola zotsala za chikopa pansi pa bedi n'kuyamba ntchito, ndikuonera chithunzi pafoni yanga yosweka galasi. Nkhope ya Mphezi ndi yabuluu, koma chikopa chimene chinalipo chinali chofiira. Ndinati palibe kanthu. M'maso ndinazunguliza penti yoyera kuti aoneke bwino. Kumutu kwake kuli timapiko tiwiri, ndiye ndinapempha nthenga kwa mayi oyandikana nawo amene anali atapha tambala. Chofunda chakumsana ndinasoka ndi saka, ndipo nditalichapa linayamba kusosoka m'mphepete, ulusi lendelende.

Kalilole m'nyumba mulibe, anatenga achemwali a malemu pogawa katundu. Mayi aja akanakhala moyo, akanangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, “Bambo, vulani.” Koma wondiuza panalibe.

Loweruka ndinakwera kombi, minibasi yakuno, katundu wanga ali m'chikwama. Nditatsika ndinabisala kuseri kwa kashopu n'kuvala. Chigoba chakumaso ndinachimanga kumbuyo ndi ulusi wa mipando, mfundo yake ija yoti ngakhale galimoto igubuduke siimasuka. Kenako ndinatulukira pamsewu, chifuwa patsogolo.

Woyamba kundiona anali mayi wogulitsa matimati.

“Maiwe! Chigure!”

Anasiya dengu, matimati mbwee m'fumbi. (Kwa amene simunakhaleko kuno: gule wamkulu wakwathu Ashona amamutcha chigure, ndipo amamuopa kuposa njoka.) Ndinafuna kumuuza kuti ayi mayi, ndine Mphezi, koma pakamwa ndinali nditaboola pang'ono, mawu anatuluka opyapyala, ndendende ngati a gule weniweni. Ndinakweza manja ngati mmene ngwaziyo imachitira pachithunzi. Saka lija linauluka, nthenga zinagwedera, msewu wonse unabalalika. Nzeru zitandithera ndinayamba kuwathamangira kuti ndiwafotokozere. Abale, gule akamakuthamangira, ndani angaime kuti amve nkhani?

Mmodzi yekha sanathawe, gogo wina wakwathu. Anagwada pambali pa msewu, n'kuwomba m'manja, n'kuponya kandalama pansi.

“Zikomo, chilombo. Kodi maliro ali nyumba iti?”

Ine, mkulu wa mpingo, munthu amene sindinapondeko kudambwe chibadwire!

Apa munthu wanzeru akanabwerera. Koma ndinkamva nyimbo za phwando chapafupi, ndipo ndinadziuza kuti Tadiwa yekha andizindikira, si ndiye mwini timabuku? Ndinakankha geti n'kulowa.

Kukuwa kwake! Ana ena pansi pa tebulo, ena m'chimbudzi, wina anakwera mtengo wa mapeyala. Tadiwa anandiyang'ana kamodzi, n'kuthawira kumbuyo kwa Kamdima. A Moyo anali atavala zakuda zawo zonyezimira, mimba ikusuzumira pansi pa malaya. Sanachedwe, anatola tsache.

“Buda! Buda pano!” akutero kundithamangitsa, tsache likugwa pamsana panga, phwa, phwa. Ana anayamba kutuluka m'mabowo mwawo akuchemerera. Kamdima, wosweratu mawindo uja, akupulumutsa mzinda, ndipo woipa wake ndinali ine.

Anandipulumutsa ndi Esinati.

“Imani! Nsapato izo ndikuzidziwa. Ndi za kutchalitchi. Ababa?”

Ndinagwedeza nthenga kuvomera. Chigoba chinakana kuvuka, mpaka anachita kudula ulusi ndi mpeni wa keke. Nkhope yanga itatulukira, thukuta lili chuchuchu, tsache lija linagwa pansi. A Moyo anandipatsa mpando ndi madzi, akupepesa uku mapewa akugwedezeka ndi phwete.

“Ababa, bwanji osandifunsa kaye?” Esinati anandinong'oneza.

Ndinafuna kunena kuti, mwanawe, foni yako imalira kamodzi pamwezi, ndikanakufunsa liti? Koma ndinangomwa madzi anga. Tadiwa ankandisuzumira patali, osayandikira. Ndinatsazika dzuwa lisanalowe, ndipo palibe anandikakamiza kukhala.

Nditafika ku Tafara ndinaponya chikwamacho kuseri kwa chitseko. Ndinati ndichiwotcha ndikapeza mphamvu. Masiku anapita, nyumba ili duu ngati kale, kungoti tsopano ndi msana wopweteka.

Kenako mmawa wina foni inalira. Nambala ya Esinati, koma mawu aang'ono.

“Agogo… muli bwanji?”

Chichewa! Chopindika, chochita kuphunzitsidwa pomwepo, koma Chichewa. Chibadwire mwanayo anali asananditchulepo agogo. Zotsalazo anathira m'Chishona, mothamanga: anzake kusukulu akukana kuti chigure chija ndi sekuru wake, akuti akunama. Kamdima aliyense angagule m'tauni, koma chigure ali nacho ndi iye yekha. Ndiye ndibwera liti kuti adzandione?

Ndinayesa kumuuza kuti sichinali chigure, anali Mphezi. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndikudziwa zimene munthu wamsinkhu wanga ayenera kuphunzirapo pamenepa. Ndikudziwanso zimene abusa adzanene zikawafika. Koma chikwama chija sindinawotche. Ulusi umene anadula ndasokanso, ndipo dzulo ndinapita kwa mayi oyandikana nawo kukafunsa ngati akuganiza zopha tambala wina posachedwa.