Agogo Ake a Galimoto ya a Zulu

"Awe ba Chirwa, motoka ni ya manje-manje iyi!" Ndi mmene analowera a Zulu a ku Lusaka pa komiti ya ukwati ku Barking, mimba patsogolo, makiyi pachala, mapazi uku ndi uku ngati bakha wovala nsapato zobwereka. Ati poti achita hayala galimoto yothamanga yatsopano, ndiwo akayendetse mwana wa mlongo wanga pochoka ku tchalitchi. Ine malume ake enieni ndikwere basi! Ndinaimirira. Wokayika asendeze mpando amve zimene ndinawauza.

Galimoto ya a Zuluyo ndimawadziwa agogo ake. Kampani yomweyo, chizindikiro chomwecho pamphuno, koma yofiira, yopanda denga, yopangidwa ine ndikuyenda wosavala. Inali ya a Harold, mzungu wokalamba amene ndinkamusamalira ku Woolwich. Anthu olemera ankabwera kudzangoiona, ena mpaka misozi, osaloledwa n'kuikhudza komwe.

Tsiku lina mdzukulu wawo anabwera ndi yatsopano ngati ya a Zuluyi, yodzaza makompyuta, yoti ukaiwala lamba imalira ngati khanda, n'kunena kuti yakaleyo apatse osula mbaula. A Harold anangoti, "Chirwa, show him."

Mukumva? Nditangoigwira chonchi, injini inatsokomola, kenako inabangula, mawindo a mafulati onse anatseguka okha, nkhunda zapamsika zinathothoka nthenga, ndipo tinatsetsereka kulowera kumtsinje pa liwiro loti kamera ya apolisi inajambula anthu amene anadutsa dzulo lake, basi ina yaitali yopindika pakati inawongoka ndi mphepo yathu, chithunzithunzi changa chinatsala pa maloboti mpaka chinachita kukwera sitima n'kundipeza madzulo chili wefuwefu, pantoni yowolotsa magalimoto tinaipeza itanyamuka koma ife tinaudumpha mtsinje wa Thames osanyowetsa tayala, nsomba zikuimba nthungululu pansipo, ndipo kutsidya tinapeza mvula ya mawa isanamalize kuvala! Ndikanama ndife pano.

Nanga yatsopano ija? Batire inafera pageti, kompyuta n'kumapepesa m'Chingerezi. Zamakonozi sizilira ndi kukankha, abale anga, ukaikankha imangokuyang'ana. Ndiye mukufuna mwana wathu akagone pamsewu ndi velo? Galimoto imafuna munthu woti anaweta agogo ake. Ikamuona, imadziwa ulemu.

Anthu anali kukamwa yasa. A tcheya a komiti anali atalanda kale makiyi kwa a Zulu, dzanja likubwera kwa ine. Pamenepo mkazi wanga, amene anali atangochoka ku shifiti kuchipatala ku Edmonton, anavula nsapato imodzi n'kuyamba kusisita phazi.

"Bambo a Chikondi, auzeni anthu kuti munali mbali iti ya galimotoyo."

"Mayi, nkhani za injini zisiyeni."

"Munali kumbuyo, mukukankha. Pachiwongolero panali a Harold. Italira anakusiyani chafufumimba pamsewu, thalauzi litang'ambika, ndipo ndinasoka ndine. Laisensi mulibe, ya kuno kapena ya kumudzi."

Makiyi anabwerera kwa a Zulu, ine Loweruka ndinakwera basi ndi bokosi la keke pamiyendo. Koma tandiyankhani inu ophunzira: galimoto ikayenda chifukwa cha mphamvu zanga, waiyendetsa ndani?