Kudikira Malonje Paphiri

M'chigwa china chotentha, kumene mbuzi zimalimbirana mthunzi ndi eni ake, munali mudzi umene dzina lake tilibisa poopa kukhumudwitsa amoyo. Mudziwu unkatchuka ndi chinthu chimodzi basi: ulemu. Anthu ake ankatha kuodira pakhomo pa nyumba yopanda denga, mwini wake atasamuka kalekale, n'kudikira ndithu kuti ayankhidwe.

M'mudzimo munali Mai Dolofina, wogulitsa mandasi pasiteji, amene mtima wawo unkadyedwa ndi munthu mmodzi, mlamu wawo aNagama. ANagamawa anapitako kutauni kamodzi kokha, kukazulitsa dzino, koma chibwerereni nkhani iliyonse ankaiyamba ndi mawu akuti, "Ife oyendafe." Choncho Bungwe la Zoyendayenda, Kuona Malo ndi Zina Zotero litalengeza ulendo wokaona mathithi otchuka a kutauni ya pamwamba paphiri, mkono woyamba kukwera unali wa Mai Dolofina.

"Alamu, inu kukwera kwanu n'pachulu," anatero aNagama. "Paphiri mukatani?"

"Ndikajambulitsa. Mathithi apa, ine apa. Ndipo chithunzicho mudzachipachika pakhoma panu ndi manja anu omwewo."

"Chikapezeka ndidzapachika. Chikasowa, oyendafe tikamalankhula inu muzingomvera."

Anapangana pachitsime pamaso pa anthu, ndipo mawu olankhulidwa pachitsime sabwezedwa.

Mtsogoleri wa ulendowo anali Wapampando Wamkulu, Mlangizi wa Miyambo ndiponso Msungi wa Ulemu wa Paulendo, a Filimoni Kankhande, amene analidziwira dziko potsegula geti ya ofesi ina kuboma. Basi ya hayala inafika mbandakucha, koma inanyamuka dzuwa litakwera, pakuti munthu sachoka osatsanzika. Anatsanzika khomo ndi khomo, ngakhale makomo amene eni ake anali kale m'basimo. A Kankhande anakhala mpando wa kutsogolo atafukata tambala wofiira, mphatso ya eni phiri.

Msewu utayamba kukhotakhota, nyimbo zinazilala. Makutu a anthu anatseka, ndipo Wapampando anafotokoza kuti chitukuko chimayamba choncho. Kenako panalowa pazenera chinthu chimene anthu a m'chigwa ankangochimva pawailesi, ndicho kuzizira. Mabulangete anatuluka m'zikwama. Opanda bulangete anavala matumba, wina anadzikulunga mumkeka. Diresi yonyezimira ya Mai Dolofina, yosoketsedwera chithunzi, inamira m'bulangete lamizeremizere, ndipo m'manja anavala masokosi a amuna awo, aja obooka pachala chachikulu.

Anafika dzuwa litapendeka. Tauniyo inali ya mahotela, mitengo ya paini ndi azungu oyenda ndi makabudula ngati kunja kuli bwinobwino. Dalaivala anaimika basi m'mbali mwa kapinga wosetedwa bwino.

"Tafika, mabwana. Mathithi si patali, mungotembenuka..."

"Adalaivala, inu chanu n'chiwongolero," anawadula a Kankhande. Kenako anakonza pakhosi. "Abale anga, mudzi wa eni sitilowa ngati nkhuku. Tikhala pansi pano, nkhope kumsewu, mpaka eni ake abwere adzatilonjere. Ndipo pasapezeke wocheukacheuka. Mlendo wosuzumira kuseri kwa nyumba asanalonjeredwe ndi wakuba, kapena choposa apo."

Onse anakhala pakapinga, abambo uku amai uku, miyendo yotambasula, maso kumsewu. Dalaivala anapukusa mutu, nabwerera m'basi kukagona.

Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso lalikulu losalekeza, ndipo kamphepo kochokera komweko kankanyowetsa m'khosi.

"A Wapampando, chikulira kumbuyoku n'chiyani?" anafunsa Mai Dolofina.

"Chigayo."

"Chigayo chosapuma?"

"Kuno magetsi sazima, mai."

Panafika mai wina ndi dengu la zipatso za sitiroberi. A Kankhande anaimirira, nakonza tambala, namufunsa mwaulemu ngati iye ndiye mwini mudzi. "Ine ndimachita lendi," anatero maiyo. Wapampando anakhalanso pansi. Wa lendi salonjera alendo. Panadutsa wogulitsa ziboliboli, koma anali wobwera. Panadutsa wapolisi, koma anali wotumizidwa kuchokera kwina. Zinayamba kuoneka kuti tauni yonseyo inalibe mwini.

Kenako panatulukira bambo wa chipewa chachikulu, amene ntchito yake inali yoperekeza alendo oona malo, ndipo pambuyo pake panali chigulu cha azungu ndi anthu a m'mizinda. Ataona gulu la mabulangete, matumba, mkeka ndi tambala lili duu pakapinga, maso ake anawala ngati a munthu amene watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Anatembenukira alendo ake, nayamba kuwalalatira Chingerezi kwinaku akuloza.

"Akutilengeza," ananong'ona a Kankhande, amene Chingerezi chawo chinathera pageti. "Wongolani misana. Pasakhale woseka."

Makamera anayamba kuthetheka. Ena ankagwada, ena ankagona chafufumimba pofuna kujambula bwino. Mai Dolofina zinawawawa. Makamera onsewo, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yowajambula iwo ndi mathithi. Khosi linkawayabwa kufuna kucheuka, pang'ono pokha, ndi diso limodzi. Koma anakumbukira kuti dzina la wakuba likakumata m'mudzi muja, ngakhale mandasi ako amasanduka akuba.

"A Wapampando, dzuwatu likupita," anadandaula.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mai."

Anadekha. Nkhono sinatulutse maso, koma phiri linatulutsa nkhungu. Inatsika mwakachetechete, nimeza mahotela, paini, azungu, mpaka munthu samaona mapazi ake omwe. Dalaivala anadzuka, naliza hutala, nanena kuti akachedwanso msewu uja sautsika.

A Kankhande anaimirira m'nkhungumo n'kupereka chigamulo. Anati anthu a paphiri nyumba ali nazo, magetsi ali nawo, koma mwambo alibe. "Tiwalanga," anatero. "Tichoka osatsanzika. Tambalanso sitiwapatsa." Anthu anaomba m'manja, ndipo ena anati ulendo wopambana chotere sanauonepo. Mai Dolofina analira mwakachetechete m'bulangete njira yonse.

Kumudzi aNagama sanachedwe kukolola. Pachitsime, pamaliro, kuchigayo, "Ife oyendafe" inkamveka ngati belu, ndipo Mai Dolofina ankangomvera. Pangano ndi pangano.

Chaka chitatembenuka, aNagama anawaitanitsa. Mphwawo wa kutauni anali atawatumizira kalendala yokopa alendo, ndipo anali ataikhomera kale pabalaza, pamwamba pa wailesi.

"Lowani, alamu, mudzaoneko zimene munalephera kuona," anatero. "Mathithi anu aja ndi awa. Ndipo taonani anthu akewo. Apa alemba kuti ndi mtundu wakale wa kuphiri, umene sunatsikepo kuchigwa ndiponso sunaonepo galimoto. Kusayenda n'koipa, alamu. Taonani uyu, wavala masokosi m'manja."

Mai Dolofina anayandikira. Madzi oyera anali kugwa kuchokera pathanthwe lalitali, utawaleza utapingasa pakati. M'munsi mwake, pafupi kwambiri moti munthu akanatha kuponyako mwala, panali gulu la anthu lili duu, misana yowongoka, litafulatira zonsezo. Pakati panali tambala wofiira. Pambali pake panali bulangete lamizeremizere.

Anaganiza kanthawi. Kukhala chete kunali kupitiriza kumvera mpaka imfa. Kulankhula kunali kuvomera kuti mtundu wakale wa kuphiri umagulitsa mandasi pasiteji. Anasankha msanga.

"Alamu, kalendalayi anapachika ndani?"

"Ine, ndi manja angawa."

"Ndiye tayang'anitsitsani masokosiwo. Chibowo cha pachalacho simukuchidziwa? Ndi a achimwene anu."

ANagama anasendeza nkhope pafupi, nayang'ana masokosi, nayang'ana bulangete, nayang'ana mlamu wawo.

Mai Dolofina sanadikire kulonjeredwa. Anakoka mpando wa mwini nyumba, naukhazika moyang'ana khoma, nakhalapo mpaka dzuwa kulowa. Chigayo chija chinali chokongola zedi.