Misozi ya a Mbewe Osula Mipeni

Nkhani iyi imandichititsa manyazi mpaka lero, koma ndiinena mmene inachitikira.

Mu mphakati wathu ku Nsaru, ine ndi amene ndimayendera anthu ovutika. Tsiku lina ndinamva kuti a Mbewe, osula mipeni aja, atha masiku awiri osatuluka m'chisakasa mwawo. Ndinatenga korona wanga n'kupita.

Ndinawapeza atayang'anitsitsa pamoto, misozi ili chuchuchu. Akazi awo, a Nabanda, ankazunguza wilo la njinga lopemerera makala.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Musandiyankhulitse kaye, mayi, chonde."

Munthu wanthabwala ngati ameneyu kukana moni? Maliro kodi? Matenda? Mutu wanga unazungulira.

Zomwe sindinkadziwa n'zakuti misoziyo inali ya utsi. Pamotopo panali mpeni wa abutchala a pamsika, umene a Mbewe anausula masiku awiri kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, ndipo eni ake ankaufuna m'mawa mwake. Wosula amadikira kuti chitsulo chifiire bwino, achivuule msanga n'kuchiviika mu oyilo. Akachedwa, chimapsa.

Ine ndinangowagwira paphewa. "Tiyeni tipemphere. Tsinzinani."

"Mayi, kungoti..."

"Musaope, bambo. Ambuye akudziwa kale zonse."

A Mbewe ndi munthu waulemu. Anavula chisoti n'kutsinzina.

Ndinapempherera mtima wawo wosweka. Ndinawamva akubuula, ndiye ndinati eya, katundu akutsika, n'kuwonjezera mawu. Ndinapempherera ana awo, fodya wawo, ngakhale apongozi awo a ku Kabudula. A Nabanda nawo pemphero linawalowa. Akati "Ame!" wilo lija ankalizunguza mwamphamvu, maso ali chitsinzinire.

"Mayi," ananong'ona a Mbewe, "mwina tifupikitse."

"Satana ndiye amafuna zachidule, bambo!"

Nditamaliza, tinatsegula maso. Pamoto pankathetheka tinyenyezi toyera. A Mbewe anavuula mpeni uja ndi mbaniro. Nsonga kunalibe, chotsalacho chinali ngati chinangwa chopserera.

Anandifotokozera zonse modekha, ine thukuta lili kamukamu. Ndinati sore kasanu.

Iwo anauyang'ana mpeniwo nthawi yaitali, kenako anati, "Ayi mayi, pemphero lanu ndi lamphamvu. Mumafuna kufewetsa mtima wanga, koma lasungunula ndi chitsulo chomwe!"

Masiku ano ndisanauze munthu kuti atsinzine, ndimayamba ndafunsa chimene akuyang'ana.