Nkhosa Imene Ndinaiika Seda

Tcherani khutu, abale ndi alongo, ikani makapu a tiyi pansi, ndipo musunge m'mitima mwanu zimene ndikuuzeni, kuti mudzauze ana anu ine nditapita. Inunso a Tembo, amene mwayamba kale kuseka ndisanatsegule pakamwa, mverani: ndakhala mkulu wa mpingo uno wa ku Barking, kuno ku London, kuyambira inu musanadziwe kukwera sitima yapansi pa nthaka, ndipo lilime limene lakupemphererani m'mawa uno silingakunamizeni masana ano.

Mukudziwa nonse kuti ndisanabwere kuno ndinali wometa pamsika wa ku Chipata, ndipo palibe mutu umene unachoka m'manja mwanga ukudandaula. Mukumudziwanso mdzukulu wanga Tiyamike, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene Chinyanja amamva chonse, koma mpaka chaka chatha kuyankha ankayankha m'Chingerezi mokha, ngakhale umufunse dzina lake. Chaka chatha sukulu yake ya pulayimale inakonza ulendo wokaona shedi yakale yometeramo nkhosa, pafamu ina kumalire a London, kumene nyumba zimathera n'kuyamba udzu. Ankafuna kholo limodzi lothandiza kuyang'anira ana. Mayi ake anali ndi ntchito kuchipatala, choncho anandigwira dzanja pakhomo nati, "Adadi, mwana uyu mumubweze mmene mwamutengera." Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu, ndinavala jekete lachikasu lowala limene aphunzitsi anandipatsa, ndipo tinakwera basi.

Shediyo ili ngati chigafa cha fodya, koma ndi yamatabwa akuda, okalamba kuposa agogo a agogo anga, ndipo pansi pake pamaterera ndi mafuta a ubweya. Mlimi wa pamalopo, mayi wamtali wovala majombo, anationetsa sizasi yakale yopachikidwa pamsomali, yaitali ngati chikwanje, imene makolo ake ankametera kusanabwere makina. Ine ndinadabwa mwaulemu, pakuti nkhosa za kwathu Mlengi anazipatsa mchira wamafuta, sanazipatse bulangete, ndipo palibe amene amazimeta.

Nthawi yobwerera itakwana, aphunzitsi anawerenga mitu ya ana. Tinabwera nawo makumi atatu, koma anapeza kuti mmodzi palibe. Anawerenganso kawiri. Wosowayo anali Tiyamike.

Pamenepo, abale, pakona ya shedi panagwedezeka chinthu chimene tonse tinkayesa mulu wa ubweya wofika kudenga, ndipo chinayetsemula, ndipo tinazindikira kuti inali nkhosa yamphongo imene inathawa kumetedwa kuyambira masiku a makolo a mlimi uja, imene ubweya wake unakula chaka ndi chaka mpaka ndiwo unkachirikiza denga, moti ikakoka mpweya matabwa onse ankalira, ndipo m'mbali mwake, pamene mwana wozizidwa angalowere pofuna kufunda, pankaoneka nsapato imodzi yakuda ya sukulu. Mukumva?

Sindinathamange, pakuti kuthamanga ndi kwa opanda chikhulupiriro. Ndinavula chipewa, ndinapempha Ambuye kuti alimbitse zala zanga, ndinatsitsa sizasi ija pamsomali, ndinainola pa lamba wanga, ndipo monga wometa aliyense woleredwa bwino, ndinayamba ndaipatsa nkhosayo moni ndi kuifunsa za kunyumba.

Ndinayambira kukhosi, ndipo ubweya unagwa, unadzaza shedi, unatulukira pakhomo, unaphimba basi yathu, unatsata msewu mpaka ku tauni ya Ilford, moti anthu otsika sitima tsiku limenelo anaimbira abale awo kumudzi kuti kuno chipale chofewa chagwa mu Juni. Ndipo m'kati mwa ubweyamo ndinapezamo maambulera khumi ndi awiri, chisa cha nkhunda ndi mazira ake, njinga ya wopereka makalata, ndi bambo wina wa ku Wembley, kumene kuli bwalo lalikulu la mpira, amene analowamo kalekale pobisala mvula, amene atandiona anandifunsa ngati mpira unatha. Ndipo sizasi inatentha mpaka kufiira, ndinatuluka n'kuiviika mu fulasiki ya aphunzitsi, tiyi wozizira wa m'menemo n'kuwira, ndinabwereramo, ndipo ndinayenda mphindi makumi awiri ndikudzimetera njira, kuwala kokhako kukuchokera pa jekete langa. Mukumva, a Tembo? Mukanakhala inu mukanabwerera pa maambulera.

Kunja aphunzitsi ankaitana mwana m'Chingerezi, koma mawu awo ubweya unkawameza asanayende mapazi awiri. Ine ndinaima m'katimo, ndinakumbukira dzanja la mwana wanga pakhomo paja. Ndikamuuza chiyani? Tsono ndinaitana monga mayi anga ankandiitanira ndikachedwa kudambo: "Tiyamike iwe! Uli kuti, mwana wa mwana wanga?"

Ndipo kutali, cha kumchira, kunamveka timawu: "Ndili pano, agogo! Musakuwe, muidzidzimutsa."

M'Chinyanja, abale. Koyamba chibadwire. Ndinamupeza atakhala bwinobwino, akumaliza sangweji yake, ndipo ndinamutulutsa pamapewa, ndinamuveka nsapato yake, aphunzitsi nawerenga makumi atatu.

Mlimi uja, misozi ili m'maso, anandipempha kuti ndimalize ntchito, nkhosayo ndiimete mpala. Ndinakana modekha. Ndinamufotokozera kuti kwathu mpala timameta maliro akatigwera, ndipo pano palibe amene watisiya, pakuti wosowa uja wapezeka. Choncho ndinachepetsa m'mbali, ndinasiya pamwamba, ndinapesa, ndinaika seda yowongoka kumanzere monga ya abusa athu, ndipo ndinakazula galasi la basi loonera kumbuyo n'kuionetsa kumbuyo kwa mutu wake, monga ndinkachitira ndi makasitomala anga onse. Inayang'ana uku, inayang'ana uko, ndipo inagwada ndi miyendo yakutsogolo.

Tsopano, popeza tili m'nyumba ya Mulungu, sindikubisirani kuti kalata imene sukulu inatumiza kwa mayi ake inanena mosiyanako pang'ono. Inati mwana anapezeka kuseri kwa matumba a ubweya patangotha mphindi zitatu. Inati magalasi anga amaso ndinawaiwala m'basi. Inatinso nkhosayo inali yamatabwa, yokutidwa ndi chikopa kuti ana aziisisita, ndi kuti chonde, ulendo wina, a Banda, ndiye ineyo, asadzakhudzenso sizasi. Aphunzitsiwo ndi achichepere, ndipo ndinawakhululukira tsiku lomwelo. Koma amene akukayika akwere basi akaone, seda ilipobe mpaka lero. Ndipo Tiyamike ndi uyo ali patebulo la mabisiketiyo; muitaneni, a Tembo, mumve mmene akuyankhireni. Zimenezo kalata sinakane.

Ambuye adalitse makutu amene amva, adalitsenso ndi pakamwa pamene paseka. Akusungeni m'masitima ndi m'mabasi a mzinda uno, ndipo ana anu akasochera m'ubweya wa dziko la eni, mawu anu awafike, iwo akuyankheni m'chilankhulo cha kwanu. Amen.