Choko Pamwendo wa Telala

Anzanga a muwodi muno, musandiseke, usiku wathawu ndinalota zoopsa. Paja dzulo adokotala anajambula kamtanda pamsongolo wangawu, pomwe pali kachotupa ka m'fupa kamene kandimana tulo chaka chathunthu. Anati si khansa ndipo sang'amba, angolowetsa singano yotentha n'kukawotcha. Koma ine ndine telala. Pantchito yathu, pomwe pali choko m'pomwe pamadutsa sizasi, ndipo mwendo umenewu ndi umene umapalasa makina.

Ndiye kutuloko ndili pakhonde pomwe ndimasokera ku Lunzu, makina anga akutsokomola. "A Makwinja," akutero, "ndamva kuti mawa mubwera wofupika. Azindipalasa ndani?"

Ndisanayankhe, mwadzidzidzi khonde lija lasanduka chimgolo chojambulira mafupa chija, ine ndili m'kati chagada. Ndiye akubwera adokotala, gauni yoyera bwinobwino, koma mlomo ukutalika, ukutalika, mpaka asanduka gogomole. Atera pamsongolo panga, go! go! go! "Odi m'fupa muno!"

"Lowani," kakuyankha kachotupa, mawu aulemu zedi. "Ine sindivuta masana, afunseni eni ake."

Mwadzidzidzi anamwino nawo asanduka nkhanu, manja onse ndi masizasi, tepi ili m'khosi. Akuyeza mwendo wanga kuyambira pabondo. "Adokotala, tipinde kapena tidule?"

"Tsatani choko," akutero agogomole.

Ndikufuna kukuwa kuti tinapangana singano yokha, koma m'kamwa mwadzaza mapini. Ndiye ndikuona singanoyo itakhala pampando, yapinda miyendo. "Musandidalire, bambo. Ndathyoka kale, fupa lanu ndi jinzi."

Mantha anandigwira, abale. Nkhanu ikuyandikira chammbali, khwepu khwepu, ine n'kutapa thukuta la pachipumi, kufufuta choko chija ndi mphamvu zanga zonse. Ndikafufuta chikubwerera, ndikafufuta chikubwerera.

Chimene chinandidzutsa ndi tayala la njinga ya odwala, kwii kwii m'khonde. Anamwino enieni avundukula bulangeti, ayang'ana mwendo, ayang'ana ine. "Bambo Makwinja, chizindikiro cha adokotala chapita kuti?"

Panopa apita kukaitana adokotalawo, abwere ndi cholembera adzajambulenso. Inu achimwene a pabedi lapakona, munati kwa inu inali singano yokha, eti? Tavundukulani bulangetilo ndiwerenge miyendo.