Magazi Oyamba ndi a Akulu

Lolemba
Ndafanso koyamba. Geimu yathu ya nkhondo ya pafoni isanatenthe n'komwe, kamawu ka m'foni kaja kakufuula kuti "fesiti buladi", ndipo magaziwo ndi anga. Chisomo, kapitawo wa timu yathu ya anthu asanu kuno ku Kawale, wanena mosapita m'mbali: ndikakafanso koyamba pampikisano wa Loweruka ku Biwi, ndichoka m'timu. Ine amene ndinayambitsa timuyi! Vuto si zala zanga ayi, vuto ndi Chingerezi. Anzanga akamakuwa, ine ndimayamba ndamasulira m'mutu, pomaliza ndafa kale. Nzeru ndi iyi: mawu onse a nkhondo ndiwaika m'Chichewa.

Lachiwiri
Ntchito ikuyenda!
Fesiti buladi: magazi oyamba.
Ganki: chiwembu.
Tawa: nsanja.
Ritiriti: thawa!
Ndatumiza pagulu, onse avomera. A Mbewe, achimwene a mkazi wanga, owotcherera zitsulo ku Mchesi komanso wamkulu wa tonse m'timu, ati, "Mlamu, mutu uli nawo." Ndikuyenda ngati tambala.

Lachitatu
Kuyeserera koyamba m'Chichewa. Adani atatu akuwazinga alamu. Ndikufuna kukuwa "thawa!" koma pakamwa pakukana. Munthu amene anandipatsa mlongo wake, ndimuuze "thawa" ngati mwana? Ndikuti, "Alamu, pepani, mwina mukanabwererako pang'ono." Ndisanamalize, wobayidwa ndine, chifukwa ndinaima poyankhula. M'Chingerezi tinkawakalipira bwinobwino, mtima osagunda.

Lachinayi
Zafika poipa. Mdani watsala ndi kamoyo kakang'ono, tamuzungulira tonse, koma palibe akumenya. Chisomo akuti, "Magazi oyamba ndi a akulu, yambani a Mbewe." Alamu akuti, "Iyayi, yambani ana inu." Kukankhirana ngati beseni losambira m'manja! Mdani uja wathawa, wabwera ndi anzake, ndipo mwa anthu asanu asankha ine.

Lachisanu
Ndikupempha kuti tibwerere ku Chingerezi. Alamu akana. Akuti chiyambireni kusewera, sabata ino ndi imene amva kulemekezedwa. Awatsutse ndani? Chisomo akungondiyang'ana. Ndadziputira ndekha, ndipo zikundiwawa.

Loweruka
Biwi, pakhonde la shopu yometera, anthu ndi ndi ndi. Ndalumbira: sindichoka kuseri kwa nsanja yotiteteza, kaya kugwe chiyani. Geimu yayamba. Alamu akuti, "Mlamu, tapita ukasuzumire m'katchire ako." Ndikudziwa bwino kuti muli anthu. Koma mkulu akakutuma pamaso pa gulu, ukana? Ndapita. Muli anayi! Kamawu kaja kafuula, khonde lonse kuseka. Adani athu, anyamata a ku Chinsapo, okalipirana m'Chingerezi chothyokathyoka, atikwapula ngati ana.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Ndimayembekezera meseji yondichotsa, koma Chisomo ndi alamu abwera okha kunyumba, atavala majekete ngati ankhoswe. Moni wautali, za mvula, za magetsi, kenaka Chisomo akuti, "Achimwene, tati mupumuleko kaye." Ndathokoza, ndawaperekeza mpaka pamsewu. Ndikanangokhala chete n'kumafa m'Chingerezi changa, mwina bwenzi ndikadali m'timu.

Malo anga apatsa mkazi wanga. Akuti iye ndiye saopa achimwene ake, amawauza zoona m'chilankhulo chilichonse. Foni yake ndi yamabatani, choncho akusewerera yanga.