Tsiku limene ndinachingamira ndege pa Songani

Mpaka lero ndikamadutsa pa Songani, anyamata oitanira minibasi amandifunsa kuti, "Amayi, ndege ija yatera?" Ndimangoseka nawo. Nanga nditani, poti ndinaziputa ndekha.

Mwana wanga Esinati ndi namwino ku Mangalande. Anapita ali mbeta, anakwatiwa konko, n'kubereka kamtsikana, Tamanda, kamene ndinkangokaonera pa foni. Ndiye m'mawa wina uthenga unafika: "Amayi, tanyamuka." Anali atandiuza kale kuti adzakwerera ndege ku London, kusintha ku Addis Ababa, n'kutsikira ku Chileka. (Tsiku lofika anandiuzanso, koma chimwemwe chimagonthetsa m'kutu.)

Ndinatenga mapu akale a ana asukulu n'kuyeza. London mpaka Addis Ababa, chala changa chamkombaphala chinakwana ndendende. Addis mpaka Blantyre, theka lokha. Tsono ndege, imene imadutsa phiri la Zomba munthu usanamalize kuiloza, ingachedwe pa chala chimodzi ndi theka?

Ndinathamangira kwa a Nachisale, otsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu.

"Mwana afika masana ano. Sonkhanitsani amayi."

"Masana omwe ano? Kodi si kutali kumeneko?"

"Kutali n'kwa oyenda pansi," ndinatero ine, amene chibadwire ndege sindinaipondepo.

Tinapha nkhuku, tinavala zitenje zofanana, ulendo wa pa Songani. Minibasi yochokera ku Zomba itangoima, tinayambitsa nyimbo. Munatsika bambo wonyamula thumba la feteleza. Ina itabwera tinaimbanso, inanso chimodzimodzi, mpaka ogulitsa tomato anaidziwa nyimboyo n'kumativomera.

Dzuwa litapendeka, munatsika mayi wovala magalasi akuda, chikwama chokoka kumbuyo, mwana m'manja. Sindinadikire. Ndinaliza nthungululu, kumulanda mwanayo, n'kuyamba kumuvinitsa.

"Mayi inu, bweretsani mwana wanga!"

Anali mlendo, amafunsa njira ya ku Malosa. (Mwanayonso anali wamwamuna.)

Ndili mkati mopepesa, foni inalira. Esinati.

"Amayi, tafika pa bwalo la ndege ku London. Tikwera madzulo ano."

"Mukwera? Si paja munanyamuka m'mawa?"

"M'mawa timachoka kunyumba pa sitima. Kukafika ku Addis kokha ndi usiku wonse tili m'mwamba. Kumudziko tifika mawa."

Kwaya yonse inamva. Kenaka a Nachisale anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tiyeni tikadye nkhuku ija, ingaonongeke."

M'mawa mwake ndinadzuka mawu atatheratu. Madzulo Esinati anafika pa galimoto yahayala mpaka pakhomo, wopanda womuimbira. Ndinayesa nthungululu, kunatuluka mpweya wokha. Ndinangogwada pafupi ndi Tamanda, amene anali atabisala kumbuyo kwa mayi ake, n'kunong'ona kuti, "Wafika, mkazi mnzanga."

Mwana anayesa ndi masewera. Anasendera pang'onopang'ono, kundigwira khutu, nayenso n'kunong'ona liwu limodzi la Chichewa limene analiphunzira panjira: "Agogo."

Esinati akuti akanapeza kwaya ija pa msewu, mwanayo akanathawa osandiyandikiranso. A Nachisale akuti ndiphunzirepo kufunsa ndisanaitane anthu. Kaya ngati ndaphunzira. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mawu atabwerera, ndinawabisa. Ine ndi Tamanda tinanong'onezana tchuthi chonse.